Yamba ndi mwanayo

Mbawala yoyamba imene ndinapha m'mapiri a ku Scotland si imene anandiuza kuti ndiphe. Madala amene ndinali nawo anandinong'oneza kawiri konse, pakamwa pawo pali pafupi ndi khutu langa, kuti, "Yamba ndi mwanayo." Ndinamva. Chingerezi chawo cha kumapiri, chimene masiku oyamba ndinkangochivomera ndi mutu, ndinali nditachizolowera kale. Mphepo sinali yoti n'kundiphonyetsa mawu. Ndinamva bwinobwino, kenaka ndinalozetsa mfuti pa make n'kuwombera.

Ndifotokoze kaye kuti dzina la mbawala ndangobwereka. Nyama imene kuno amati deer kwathu kulibe. Mbawala yathu, gwape, mphoyo ndi nswala nyanga zake ndi za moyo wonse, pomwe izi zimamera nyanga zanthambinthambi ngati mtengo wouma, zimene zimagwa chaka ndi chaka n'kuphukanso zina. Ku Scotland zilipo za mitundu inayi. Pali zofiira, zikuluzikulu za m'mapiri. Pali ting'onoting'ono ta m'nkhalango timene amati roe, tosasiyana kwenikweni msinkhu ndi gwape wamkulu. Ndiye pali fallow ndi sika, zimene anachita kubwera nazo anthu, sika kuchokera ku Japan. Nkhani yangayi ndi ya zofiira, ndi ka roe kamodzi.

Ulenje si ntchito yanga. Ndine wophika. Kwa zaka zambiri ndakhala m'khitchini ya hotela ina ku Perthshire, ndipo nyama ya mbawala ndinayamba kuidziwira pa mpeni. Madala aja, omwe ankayang'anira nyama pa esiteti ina yapafupi, ankabwera nayo pakhomo la kuseri, nthawi zina n'kumwa tiyi ali chiimire. Tsiku lina ndinawaonetsa mwendo wakutsogolo umene chipolopolo chinaphwanyaphwanya, n'kuwauza mwanthabwala kuti alenje awo akundiwonongera ndiwo. Iwo anangoti, "Ubwere udzatiphunzitse." Ndinkayesa zocheza. Patatha milungu iwiri anandiimbira foni kufunsa saizi ya nsapato imene ndimavala.

Wina kumudzi akhoza kudabwa kuti anthu okonda nyama chonchi, oti galu amagona pa sofa, amaphanso mbawala zankhaninkhani chaka chilichonse. Chifukwa chake n'choti kulibe chilombo chozidya. Mimbulu inatha zaka zoposa 250 zapitazo, ndipo mkango, kambuku ndi fisi amangoziona pa TV. Boma la Scotland limati mbawala zonse pamodzi zafika pafupifupi 1 miliyoni. Zimabudula timitengo tisanakule, moti ukaona phiri lili mbee, kenaka n'kuona pamene anatchinga ndi waya pali nkhalango yothithikana, sufunanso munthu wokufotokozera. Ntchito ya mkango inagwera munthu, koma yoyendera malamulo. Pali lamulo la mbawala la 1996, pali bungwe la NatureScot loyang'anira, ndipo nyengo yopha zazikazi zofiira imayamba pa 21 Okutobala n'kutha pa 15 Febuluwale. Zamphongo nazo zinali ndi nyengo yake, koma kuyambira Okutobala 2023 zikhoza kuphedwa mwezi uliwonse. Alendo andalama amalipira zambiri kuti aphe yamphongo ya nyanga zabwino pa nthawi imene zikubangula polimbirana zazikazi. Kupha zazikazi ndi ntchito ya m'chisanu, yonyowa, yopanda chithunzi choti n'kupachika pabalaza. Apo m'pamene anthu ngati ine timaitanidwa.

Tisanakwere phiri anandigoneka chafufumimba kuti ndiwombere pepala pa mtunda wa mamita 100. Mfuti inali ya pa esiteti, ya mtundu umene amati .270, popeza lamulo limalola munthu wopanda chiphaso kubwereka mfuti bola mwini wake akhale pambali pake. Zipolopolo zitatu zinagwa moyandikana. Matenda anga anayambira pamenepo, chifukwa ndinadzuka ndikudzimva kuti magazi a amalume awira.

Amalume anga ku Ntchisi anali mlenje wodziwika nyama zisanathe m'madambo mwathu. Mfuti analibe. Anali ndi agalu, uta ndi nthungo. Ndili mwana ndinapita nawo ku uzimba kangapo, ntchito yanga ili yokuwa ndi kusenza. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuti nyama umaiwenda mphepo ikukuwomba kumaso, ndipo ankayenda ndi kathumba ka phulusa koonera kumene mphepo ikulowera. Madala atandiona ndikuwaza phulusa la m'mbaula ya kuhotela pamwamba pa phiri anaseka mpaka kutsokomola, koma mlungu wotsatira nawonso anali ndi lawo m'kabotolo. Ndi amalume omwewo amene ankati, "Mwana wa nyama sapha, ameneyo ndi ndiwo za chaka chamawa." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso.

Tsiku loyamba sitinaphe kanthu, koma ndinakalipiridwa. Titakwawa kwa nthawi yaitali m'tchire lalifupi limene amati heather, mawondo ndi zigongono zitanyoweratu, mbawala imodzi inatulukira pamwamba penipeni pa chitunda n'kuima chilili, kumbuyo kwake kuli thambo lokhalokha. Inkaoneka ngati yochita kujambula. Ndinakweza mfuti. Ndisanakhudze n'komwe kachitsulo kotsekera, dzanja la madala linali litakanikiza kale mfutiyo pansi, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sindingawalembe pano. Anakuwa osasamala kuti nyama zithawa, ndipo zinathawadi. Chipolopolo cha mfuti yotere chikaphonya, kapena chikaboola nyama n'kutulukira mbali inayo, chimatha kuuluka makilomita angapo. Kuseri kwa chitundacho kunali njira ya anthu okwera mapiri, ndipo ku Scotland, kuchokera pa lamulo la malo la 2003, munthu ali ndi ufulu woyenda pafupifupi paliponse. Suwombera pokhapokha kumbuyo kwa nyamayo ukuona dothi loti ligwire chipolopolo.

Kukalipira kumeneku sikunandiwawe. Ndinali munthu wamkulu, wa ana awiri, amene m'khitchini ndimakalipira ena, koma ndinangoona kuti n'koyenera. Kunabwera pa nthawi yake, kunali kwa chinthu chimodzi, ndipo patangopita mphindi zochepa anali akunditsanulira tiyi wa m'fulasiki n'kumandifunsa za nyanja ya kwathu, imene ankaimva kutchalitchi ali mwana. Ndinatsika phiri ndikuganiza kuti ndine munthu wodziwa kulandira malangizo.

Tsiku la mwana lija linali la mu Novembala, nthawi imene kunja kumacha mochedwa ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kumakhala kutayamba kuda. Tinapeza kagulu ka zazikazi m'kachigwa kobisika ku mphepo. Madala anakhala nthawi yaitali akuyang'ana ndi magalasi oonera patali. Sapha chiphereiphere. Amasankha zokalamba, zowonda, zimene sizingapirire chisanu. Anasankha mayi wina wokalamba, nthiti zikuoneka, amene anali ndi kamwana konyentchera. Zonse ziwiri zinali zoti zichoke. Tinakwawa mpaka pa mwala wina, mamita pafupifupi 120 kuchokera pamene zinali, ndipo kumbuyo kwake kunali dothi la chigwa lokhalokha. Anayala chikwama kuti ndisanjikepo mfuti. "Yamba ndi mwanayo, ali kumanzere. Akagwa, make aima kaye kumuyang'ana. Ndiye uwombere make." Ndinagwedeza mutu. Anabwerezanso. Ndinagwedezanso mutu.

M'galasi la mfuti kamwanako kanali kakubudula udzu, makutu ali petupetu. Ndinasuntha mfuti pang'ono kupita kumanja. Kuwombera kwake kunali kwabwino, ndipo mwina n'chimene chimandinyansa kwambiri: kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamene pali mtima ndi mapapo. Mayiyo anadumpha, n'kuthamanga pang'ono mutu uli pansi, n'kugwa. Gulu lonse linaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, kamwana kali pakati. Madala anandilanda mfuti, n'kulitsatira gululo m'galasi mpaka linakabisika, koma sanawombere, chifukwa panalibe mpata woti alase kamwanako osavulaza ina.

Kenaka kunali zii.

Ine ndi amene ndinayamba kulankhula, ndipo ndinanena mawu amene ndinali nditawakonza chala chisanakoke n'komwe. "Kwathu mwana wa nyama sitipha." Anandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati mmene umayang'anira mitambo pofuna kudziwa ngati kugwe mvula. Sanayankhe. Anatulutsa mpeni n'kundipatsa kuti nditumbule. Matumbo ndi chifu amazichotsera kuphiri komweko kuti nyama izizire msanga ndiponso ipepuke, ndipo ntchitoyi amaitchula ndi mawu ochokera ku chilankhulo cha Gaelic akuti gralloch. Ine nyama ndatumbula zosawerengeka. Koma mpeni utadutsa pa bere panatuluka mkaka, woyera mbuu, wofunda, n'kuyenderera pa dzanja langa pamodzi ndi magazi. Zimenezo m'khitchini sindinazionepo.

Tinabisala pamwala paja kwa ola ndi theka kudikira kuti mwina kamwanako kabwerera. Sikanabwere. Tinakoka nyamayo mpaka pamene tinasiya Argocat, kagalimoto ka matayala 8 koyenda m'matope, ndipo ulendo wonse wotsika sanatsegule pakamwa. Ndikutsika pa Land Rover yawo pakhomo panga anangoti, "Mawa 7 koloko."

Usiku umenewo sindinagone. Ndikanakonda akanandikalipira monga tsiku lija. Munthu akakukalipira umakhala ngati walipira mlandu, mwinanso umapeza pomukwiyira. Apa ndinalibe pogwira. Ndinagona ndikuzenga mlandu ndekha m'mutu, ine woweruza, ine mboni, ndipo ndinkawina. Azungu alibe chisoni. Chikhalidwe chathu chimalemekeza moyo. Kamwanako kadziwa kale kudya udzu, kakula. Mayi a kunyumba anandifunsa chimene chinkanditembenuzatembenuza, ndipo nditawafotokozera anangoti, "Ndiye mwanayo wagona ndi ndani?" n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa tinakapeza. Kanali kataima kokhakokha pafupi ndi pamene panagwera make, pamene akhwangwala anali atayamba kale kulimbirana matumbo, kakulira kamawu kakang'ono ka m'mphuno. Gulu linali litapita kutali. Madala anayala chikwama pansi, n'kuika mfuti, n'kusuntha kuti ndigonepo ine. Manja anali njenjenje, moti ndinachita kupuma katatu ndisanakoke. Kanagwera pomwepo.

Malangizo anabwera masana, m'chipinda chozizira chopachikamo nyama, tikuyeza kulemera kwake ndi kulemba m'buku. Ndipo sanayambe ndi ine. Anayamba ndi kundiuza kuti ali mnyamata, akuphunzira ntchito pa esiteti ina kumpoto, anapha mayi n'kusiya mwana chifukwa cha phuma, ndipo poopa abwana ake sananene. Chisanu chikutha anakapeza kamwanako katafera m'mbali mwa mpanda wamiyala, mafupa okhaokha. Anakazindikira chifukwa kanali ndi khutu long'ambika. Ankalankhula akutsuka mpeni, osandiyang'ana. Atatero m'pamene anafotokoza chifukwa chake. Ana a mbawala zofiira amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, ndiye chisanu choyamba chimawapeza ali ndi miyezi yochepa. Chimene mwana amapeza kwa make si mkaka wokha. Ndi make amene amadziwa kobisala mphepo ya sinowo ikamawomba, ndipo ndi make amene amamupezera malo m'gulu. Wamasiye zinzake zimamugunda ndi kumuthamangitsa pa udzu wabwino, mpaka amatsalira kumbuyo. Pa chilumba cha Rum, kumene akatswiri akhala akutsatira mbawala imodziimodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anapezanso zomwezo, kuti ana amasiye ambiri sapulumuka ngati anzawo. Ukawombera mwana poyamba zinthu n'kusokonekera, watsala ndi mayi wopanda mwana, amene akhala bwinobwino. Ukayamba ndi make zinthu n'kusokonekera, wasiya imfa ya miyezi itatu.

Pomaliza anati, "Amalume akowo akumveka kuti ndi mlenje weniweni. Ukawafunse bwino zimene ananena."

Ndinawaimbira Lamlungu, pa foni ya msuweni wanga. Titatha malonje a mvula ndi mitengo ya feteleza, ndinawafotokozera zonse, ndikukometsera mbali yanga. Ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo. Anakhala chete mpaka ndinayesa kuti netiweki yadula. Kenaka anati, "Mwanawe, ndinati mwana wa nyama sapha, eya. Koma unandimvapo liti ndikunena kuti uzipha make woyamwitsa?" Ndinakhala kakasi. Anapitiriza kuti gwape wa bere kapena woyamwitsa ankamusiya, agalu akamugwira ankadandaula, ndipo zimenezi anandiuzapo kangapo konse. "Unatola mawu amodzi, enawo unawasiya panjira chifukwa ankakulemera. Ndiponso za kumeneko undifunsa ine? Ndinafikako? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkulu ameneyo ndiye mwini phiri, uzimumvera."

Apa ndiyenera kunena chimene sindinauze madala, amalume kapena mayi a kunyumba pa nthawiyo. Chisoni chinalipo ndithu, sindikukana. Koma pansi pa chisonicho panali kanthu kena. Ndinkafuna nyama yaikulu. Ndinkafuna chithunzi chotumiza kumudzi, ine nditagwada pambali pa chinyama chonenepa, kuti aone kuti mwana wa mlongo wawo wa mlenje sanathere m'mapoto. Kamwana konyentchera sikakanandipatsa chithunzi chimenecho. Mwambi wa amalume unangokhala chitenje chofunditsa dyera langa. Ndipo chithunzicho sindinajambule n'komwe.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza za mawu athu aja akuti "ndamva". Tinaleredwa bwino pa nkhani yolandira malangizo. Mkulu akamalankhula umakhala pansi, maso pansi, manja pamodzi, ndipo akamaliza umati, "Ndamva, zikomo kwambiri." Pa chinkhoswe, pa chilangizo cha ukwati, pa bwalo la amfumu, ndi momwemo. Ndi ulemu wabwino ndipo ana anga ndikuwaphunzitsa womwewo. Koma "ndamva" yemweyo amatha kukhala chitseko chotsekera nkhani. Umavomera kuti mkuluyo asiye kulankhula, zochita zako uli nazo kale mumtima. Kugwedeza mutu kwanga pamwala paja kunali "ndamva" wa mtundu umenewo. Madala anazitulukira. Kuchokera tsiku limenelo sankalolanso mutu. Ankati, "Nena, uwombera iti?" ndipo ndinkayenera kubwereza ndi pakamwa panga kuti mwana wa kumanzere, kenaka make. Poyamba zinkandichititsa manyazi ngati mwana wa sitandade 1. Koma n'kovuta kunena chinthu ndi pakamwa pako kenaka n'kuchita china munthu akukuyang'ana.

Sikuti malangizo onse ndinkangomeza. Kumalo omwera mowa a m'tauni yathu kuli alenje apakamwa ambiri, ndipo atamva kuti wophika wa ku Africa wayamba kukwera phiri aliyense anali ndi nzeru yoti andigawire. Imene inandikopa inali yoti ndiziwombera m'mutu kuti nyama isawonongeke. Kwa wophika zimenezi n'zomveka, paja nkhani yonse inayamba ndi mwendo wophwanyika. Nditawafunsa madala anandionetsa ndi zala kukula kwa ubongo wa mbawala, kanthu kosaposa chibakera, n'kundikumbutsa kuti mutu ndi umene umayamba kugwedezeka nyama ikamva kanthu. Ukaphonya pang'ono umathyola chibwano, nyamayo imathawa ndi miyendo yonse inayi ili bwino, ndipo imakafa ndi njala patapita masiku. Anati anaphapo yotero imene wina anailasa, lilime likulendewera. Amene ankandilangiza ku mowa uja nditamufunsa kuti zinamuchitikirapo, anati iye saphonya. Munthu wosaphonya ndinasiya kumufunsa nzeru.

Zaka zinapita. Ndinalemba mayeso a ulenje amene amati DSC1, a malamulo, kuzindikira mitundu ya mbawala, ukhondo wa nyama ndi kuwombera, ndipo ndinakhoza. Apolisi anandipatsa chiphaso cha mfuti. Mawondo a madala atayamba kuvuta, eni esiteti anandilola kuti ndizithandiza ku nkhalango ya kumunsi kumene kuli ma roe. Ndipo tsiku lina ndinapezeka kuti wonong'oneza m'khutu la wina ndine.

Anali mnyamata wa kukhitchini kwathu, wa zaka za m'ma 20, mwana wa m'tauni ya Dundee amene anali asanagwirepo mfuti. Ankandifunsa mafunso tsiku lililonse tikusenda mbatata, mpaka ndinamupempherera kwa madala, iwo n'kumupezera nsapato monga anachitira ndi ine. Pa pepala anawombera bwino kuposa ine. Madzulo ena a mu Juni, nthawi imene kuno dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ka roe kamphongo kanatulukira m'mphepete mwa mitengo. Ndinamuuza kuti adikire kaime chopingasa. Kanayamba kuyenda, iye n'kuwombera kakuyenda. Kulira kwa chipolopolo pofika kunali kwa bii, ngati wamenya mtolo wa zovala zonyowa. Kanyamako kanapinda msana n'kulowa m'nkhalango pang'onopang'ono. Ndinadziwiratu kuti walasa m'mimba.

Pa nkhani iyi amalume ndi madala amalankhula chimodzimodzi ngakhale sanaonanepo. Nyama yolasidwa m'mimba suithamangitsa. Ukaisiya imakagona pafupi, mphamvu n'kuithera pomwepo, ndipo patapita maola umakaipeza ndi galu. Ukaitsatira msanga imadzuka n'kuthamanga mtunda woti sungaipezenso. Pamalo pamene inaima pamakuuza zonse: magazi ofiirira a thovu ndi a m'mapapo, ndipo imeneyo yafera pafupi, koma ukaona zobiriwira za m'chifu, khala pansi. Mnyamatayo anasiya mfuti n'kuthamangira m'nkhalango ndisanamugwire. Ndinamva kanyamako kakudzuka n'kuswa tchire. Galu wa madala anakakapeza m'mawa mwake, kutali, katafa, katatupa. Nyama yonse inatayidwa.

M'chipinda chozizira chija munali anthu asanu m'mawa umenewo, kuphatikizapo wogula nyama amene anabwera ndi galimoto yake ndi mtsikana wina wophunzira ntchito. Ine ndinayamba. Ndinamuwerengera zolakwa zake ndi zala. Wawombera nyama ikuyenda. Sunandimvere. Sunaikenso chipolopolo china. Wasiya mfuti pansi osaitsekera. Wathamangira nyama yolasidwa. Ndinalankhula modekha, mwaulemu, mopanda mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo ndinkadzimva kuti ndikuchita bwino kuposa madala amene anandikuwira tsiku lija. Mnyamatayo nkhope inafiira psuu mpaka m'makutu. Ankangoti, "Chabwino, chabwino." Ndinamudziwa "chabwino" ameneyo. Ndi mphwake wa "ndamva".

Madala anali pakona akukonza chingwe cha galu ndipo sanalowererepo. Anadikira mpaka tili awiri m'galimoto. "Zonse wanena zija n'zoona," anatero. "Ya mfuti yosatsekera ija ukanamukuwira dzulo pomwepo, kunkhalango. Zinazo anazidziwa kale asanatuluke m'mitengo muja. Wagona nazo." Tinayenda kamtunda ndithu. Kenaka anafunsa, "Za kamwana kako kaja unamuuza?"

Sindinamuuze. Zaka zonse zija tikusenda mbatata ndinamusimbira za phulusa, za sinowo, za yamphongo imene ndinaiwenda maola anayi. Za mkaka pa dzanja langa ayi. Pamaso pake ndinali munthu wa ku mowa uja, wosaphonya. Ndipo ndikaunguza bwino, mndandanda wa zala uja sunali wa iye. Unali wa wogula nyama ndi madala, kuti adziwe kuti cholakwa si changa, ine ndinamuuza kuti adikire. Chikhalirecho cholakwa china chinali changa ndithu. Za kudikira nyama ikalasidwa ndinali ndisanamuphunzitse, poganiza kuti tidzakambirana zikadzachitika, ndipo sindinamuuze kuti abwereze ndi pakamwa pake zimene ndinamunong'oneza.

Kukhitchini anasiya kufunsa mafunso. Ntchito ankagwira bwinobwino, moni ankapereka, koma nkhani ya kuphiri ikayamba ankapeza chochita kosungira zakudya. Ndinayesa kawiri kuti ndiyambitse, mawu n'kundikanika pakhosi. Kupepesa kwa munthu wamkulu kwa mwana sitinakuzolowere, ndipo ndinkadziuza kuti ndikudikira nthawi yabwino.

Ndinamuuza mu Seputembala, Lachiwiri lina kopanda alendo ambiri, tikuchotsa mafupa pa mwendo wa mbawala. Sindinamuyang'ane, ndinaonera kwa madala kuti maso amakhala pa mpeni. Ndinanena zonse, ndi za chithunzi zomwe, zimene ngakhale madala sakuzidziwa. Ndinamuuzanso kuti za m'chipinda chozizira zija ndinalakwitsa. Anapitiriza kudula osayankha, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndangodzivula pachabe. Kenaka anafunsa kuti, "Kamwanako munakapeza pati?" Ndinamuuza. Anafunsanso kuti ka roe kaja tikanadikira maola angati. Ndinati anayi kapena kuposa, mwinanso mpaka m'mawa, popeza kunali kutayamba kuda. Anagwedeza mutu, ndipo ndisanadziwe kuti ndi kugwedeza kwa mtundu uti, kamakina ka maoda kanayamba kulira, tebulo la anthu 12 litafika popanda kubukitsa.

Nyengo ya zazikazi yatsegulidwa mwezi watha. Sananene kuti abwera, ndipo ine sindinamufunse. Nsapato zake zikadali pakhonde la chipinda chozizira, pamene anazivula m'mawa uja. Mlungu wathawu ndinapeza madala atazipaka mafuta n'kuikamo manyuzipepala kuti zisachite nkhungu.